Vula malaya tikuone: amuna a paulendo m'mabuku a ku Africa

Mabuku onena za amuna a ku Africa kuno amene anachoka kwawo kukasaka moyo kunja ali ndi khalidwe limodzi. Asanatiuze zimene munthuyo akuganiza, amayamba amuvula malaya. Wina amamupima chifuwa, wina amamuyang'ana khungu, wina amamusecha m'matumba, wina amamulakalaka, winanso amamuopa. Dzina lake limabwera pambuyo, ndipo likabwera nthawi zambiri silikhala lake. Olembawo sanachite kupangana. Wina ndi wa ku Sudan, wina wa ku Zanzibar, wina wa ku Zimbabwe, wina wa ku Nigeria, ndipo analemba zaka zotalikirana. Akufanana chifukwa zimene akulembazo zinachitikadi, ndipo ife a kuno tikuzidziwa kuposa anthu ambiri, pakuti agogo athu anavuladi malaya pamaso pa dokotala wa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni.

Ulendo wa ku Joni unkayambira pa depoti, pa mzere wa amuna ovula, aliyense akudikira kukwera pa sikelo. Ankakumvetsera chifuwa, kukudinditsa zala, ndipo wopepuka thupi ankabwezedwa kumudzi ndi manyazi ake. Ukafika ku mgodi kunali mayeso ena. Ankakutsekerani m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, inu n'kumakwera ndi kutsika pa chipika kwa maola, iwo akukupimani kutentha kwa m'thupi kuti aone ngati mungapirire pansi pa nthaka.

Thupi la munthu wa ku Nyasaland linali ndi mbiri yakeyake m'makaundula a eni migodi. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, kuphatikizapo ife, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. Chiletsocho chinachoka m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali ku migodi ya kumeneko. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa zonse. Zinayambiranso mu 1977, dzina likumveka tsopano lili Teba, n'kudzathera mu 1988 pa mkangano wa magazi: eni migodi ankafuna kuti Amalawi aziyezedwa HIV asanapite, boma la kuno linakana. Mukaonetsetsa, chitseko cha ku Joni sichinatsekedwepo kapena kutsegulidwa pa nkhani ina kupatula ya thupi la mwamuna, kuti lipirira kapena liwonongeka, ndi loyera kapena lodetsedwa.

Buku la Peter Abrahams lotchedwa Mine Boy linatuluka mu 1946, mizere ija ili yaitali. Xuma si Mmalawi. Ndi mnyamata wochokera kumidzi ya kumpoto kwa South Africa komweko, amene akufika ku Malay Camp mu Johannesburg usiku, alibe ndalama, alibe pogona. Leah, mayi wogulitsa mowa mobisa, akumuunika ndi tochi kuyambira kumutu mpaka kumapazi asanamulowetse m'nyumba. Ku mgodi nako chimene chikumukweza mpaka kukhala kapitawo wa gulu ndi mphamvu zake. Abrahams amamukonda Xuma, ndipo chikondicho chimaonekera pa mmene amafotokozera msinkhu ndi mapewa ake, moti nthawi zina ndimaona ngati wolembayo naye waima pambali pa sikelo akusirira. Koma pali malo amodzi pamene bukuli limandigwira pakhosi. Xuma akupeza bambo wina wa m'gulu lake akutsokomola magazi. Bamboyo akuchonderera kuti asamuulule, chifukwa kwawo ali ndi ngongole kwa mzungu, ndipo akachotsedwa ntchito kontirakiti isanathe banja lake lilandidwa malo. Akudziwa kuti akufa, koma akuwerengetsa miyezi kuti imfayo imupeze ndalama zitakwana. Kwa ine Xuma wamphamvu uja ndi bambo wotsokomolayu ndi munthu mmodzi, kungoti wina ali m'chaka choyamba cha ntchito, wina m'chaka chomaliza.

Fumbi la mwala wa golide limene linkadya mapapo a anthu otere linadzalipiridwa patapita zaka zoposa 70 bukuli litatuluka. Mu 2018 makampani a migodi anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala silicosis, nthenda ya mapapo yobwera ndi fumbilo, ndi TB, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi limene linapatsidwa ntchito yogawa. Kuti nkhalamba ya ku Dedza kapena ku Mzimba ilandireko, iyenera kusonyeza kuti inagwiradi ntchito ku mgodi wakutiwakuti, ndi kupimidwanso chifuwa.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali m'gulu la omaliza kupita ku migodi. Tsiku limene anabwera mudzi wonse unasonkhana pakhomo kudzawaona, ndipo kunali kuwaonadi ndi maso. Agogo anawagwira m'masaya ndi manja awiri, n'kuwatembenuzira uku ndi uku. Mayi anati, "Mwanenepatu achimwene, khungu lachita kusalala." Azakhali ena maso anali pa nsapato. Anafe tinali pa wailesi ya makaseti ndi njinga yatsopano imene inali isanachotsedwe mapepala. Chala chawo chamkombaphala cha kudzanja lamanja sichinkapindika, ankatema nsima ndi zala zinazo chitaloza kutsogolo, koma palibe anafunsa, iwonso sananene. Pa bawo ankakamba za ndalama ndi za mmene akapitawo ankakuwira m'Chifanakalo, anthu n'kumaseka. Za kuvula pa depoti ndi za chipinda chotentha ndinadzazimva kwa mnzawo wina, atakhuta masese, usiku wa pa maliro awo.

N'chifukwa chake ndikamawerenga mabukuwa ndimaona kupima kuwiri. Kwina ndi kwa pachipata cha eni dziko, ndipo kumeneku olemba athu akulemba bwino kwabasi. Kwinako ndi kwa pakhonde la kwathu, pamene munthu wabwera kapena watumiza chithunzi, ndipo kumeneku timakuzemba chifukwa opimawo ndi ife tomwe. Mwamuna n'kabudula, amathera moyenda. Mwambiwu timaunena tikuseka, potsanzikana naye pa siteji.

Tayeb Salih anaitembenuza nkhaniyi. M'buku lake la Season of Migration to the North, limene analilemba m'Chiarabu n'kutuluka mu 1966, Mustafa Sa'eed sakupita ku London kukagwira fosholo. Ndi mwana wanzeru zoopsa wa ku Khartoum, wodzera ku Cairo, amene akukaphunzitsa za chuma pa yunivesite. Koma dzuwa likalowa London siifuna mutu wakewo. Akazi achingerezi amene akukumana nawo akuona chipululu, nkhalango ndi dzuwa pa khungu lake, iye n'kuzindikira kuti bodza limeneli lili ndi msika. Akukonza chipinda chake ndi lubani, magalasi ndi nsalu zakum'mawa, akuwanamiza za ng'ona za mu Nile, ndipo akusinthasintha mayina: kwa uyu ndi Hassan, kwa uyo ndi Charles, kwina Amin, kwina Richard. Atatu mwa akaziwo akudzipha. Jean Morris, amene anamukwatira, akumupha ndi mpeni, n'kukakhala kundende zaka 7.

Ndamvapo amuna ophunzira akukamba za Mustafa monyadira, ati anabwezera atsamunda pa bedi. Ine zimenezo zimandinyansa, ndipo sindikhulupirira kuti Salih analemba kuti tiombe m'manja. Mustafa anavomera kukhala chithunzi chimene anajambula ndi ena, n'kuchivala mpaka chinakanirira. Atabwerera ku Sudan n'kukakhala mlimi m'mudzi wa m'mphepete mwa Nile, anamanga chipinda chokiya, mkati mwake muli posonkha moto ngati nyumba za ku England ndi mabuku a azungu okhaokha. Kenako anasowa nthawi ya madzi osefukira. Amene anasenza zotsalazo ndi mkazi wake wamasiye, Hosna, amene mudzi unamukakamiza kukwatiwa ndi nkhalamba ina, Wad Rayyes, mpaka anaipha n'kudzipha. Amuna aja onyadira Mustafa dzina la Hosna salikumbuka n'komwe. Ndipo chimene chinapha Hosna si London. Ndi mudzi wa amuna amene sanakwerepo sitima, amene nawonso ankadziwa umuna ndi muyeso umodzi womwewo.

Mabuku a zaka zaposachedwa asiya minofu ndi chilakolako, afika pa mapepala. Mu Americanah la Chimamanda Ngozi Adichie, la mu 2013, ambiri amakumbukira Ifemelu ndi tsitsi lake, koma mitu imene imandikhalira m'mutu ndi ya Obinze ku England. Mwana wa mphunzitsi wa pa yunivesite ya Nsukka, wokulira m'mabuku, viza yake itatha akutsuka zimbudzi za m'maofesi. Tsiku lina akupeza wina wachita dala chimbudzi pamwamba pa chivindikiro, iye n'kuvula magolovesi n'kuchoka. Kenako akubwereka nambala ya ntchito ya munthu wina dzina lake Vincent, pa mtengo wa 35 peresenti ya malipiro ake. Anzake a kuntchito, azungu abwinobwino, akumukonda, akumutcha Vinny Boy, akumukonzera ndi kaphwando ka tsiku lobadwa, tsiku lobadwa la mwini mapepala. Apa ndi pamene Adichie anabaya. Munthu akulandira chikondi chenicheni, koma chikupita ku dzina lina. Msana wonyamula katundu ndi wa Obinze, amene akudziwika ku boma kuti akugwira ntchito ndi Vincent, ndipo Vincentyo atafuna kukweza mtengo anangoimba foni kwa bwana basi zonse zinatha. Pamapeto pake Obinze akugwidwa tsiku la ukwati wake wogula, ali mu suti, n'kubwezedwa ku Lagos atamangidwa unyolo.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mmene Adichie anamuchiritsira msanga. Tikudzamuonanso Obinze ndi bwana wa malo ndi nyumba, ali kumbuyo kwa galimoto yapamwamba. Mwina ku Lagos zimatheka. Koma wobwezedwa amene ine ndimamudziwa amatsika basi ndi jumbo, amalowa m'mudzi kutada, ndipo amatha mwezi asanaonekere ku tchalitchi.

Brian Chikwava ndiye sanachiritse aliyense. Harare North, la mu 2009, limakambidwa ndi mnyamata wa ku Zimbabwe amene dzina lake sitiuzidwa mpaka bukulo kutha. Kwawo anali m'gulu la achinyamata a chipani aja ankatchedwa ma Green Bomber, omenya anthu. Ku London akufuna kupeza madola 5,000 a ku America n'kubwerera. Akukhala m'nyumba yolowamo mwakuba ku Brixton limodzi ndi mnzake wa paubwana, Shingi, akudya za Shingi, akugwira ntchito ndi mapepala a Shingi, uku akunyoza anzake amene amagwira ntchito yosamalira nkhalamba, amene Azimbabwe a kumeneko amawatcha a BBC, kutanthauza opukuta matako a azungu. Iye ntchito imeneyo sangaigwire, ndi mwamuna, ndi msilikali. Bukuli limaseketsa mpaka misozi, ndiye pang'onopang'ono umazindikira kuti mutu wa mnyamatayu ukusokonekera, ndipo chakumapeto sukudziwanso kuti iye akuthera pati, Shingi akuyambira pati.

Nthabwala ya BBC ija ndi imene ili pafupi kwambiri ndi ife lero. Pakati pa 2022, pamene Britain inatsegula viza ya osamalira okalamba ndi odwala, ndi 2025, pamene inaitseka kwa ofunsira ali kunja, anthu ambiri a ku Zimbabwe, Nigeria ndi mayiko ena, ena mwa iwo Amalawi, analowera njira imeneyo. Amuna amene kwawo sanasinthepo thewera la mwana wawo wobereka okha, tsopano akusambitsa nkhalamba yachizungu, kuidyetsa phala ndi supuni, kuitembenuza usiku kuti isachite zilonda. Ntchitoyi imafuna mphamvu ndithu, ndipo imathyola msana, koma si mphamvu imene mudzi umaiwerengera. Wa ku mgodi ankabwera ndi chala chouma anthu n'kumati ndi mwamuna. Uyu manja ake aphunzira kufatsa, kugwira khungu lopyapyala osalivulaza, kudziwa kuti munthu wosalankhula akumva ululu pati. Ine ndimaona kuti amuna amenewa aphunzira chinthu chimene makolo awo aamuna anamanidwa. Koma pa WhatsApp chimene chimabwera ndi chithunzi cha jekete lalitali, pambali pa galimoto, kumbuyo kuli chipale chofewa. Ifenso timayankha zomwe zija za pakhonde: wanenepa, wayera, zikuyenda, usatiiwale.

Ku Joni kwa lero dokotala wa pa depoti kulibe, koma kupima sikunathe, kwangotsikira mumsewu. Kwa zaka zambiri anthu akhala akuimitsidwa chifukwa khungu lawo akuti lada mopitirira, kapena chifukwa chipsera cha katemera chili pamkono pamalo pamene amabaya ku Mozambique. Pa zipolowe za mu May 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa, magulu ankaimitsa munthu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu. Phaswane Mpe anali ataziona kale zikubwera mu Welcome to Our Hillbrow, kabuku kochepa ka mu 2001, mmene alendo ochokera kumpoto akunenedwa kuti ndi amene anabweretsa Edzi ndi kulanda akazi. Ndi mlandu womwe uja wa mu 1988, kungoti woweruza wasintha. Mmalawi wogwira m'galadeni ku Randburg kapena wothira mafuta ku Cape Town amakondedwa ndi mabwana kuti ndi wolimbikira ndi wofatsa, ndipo ambiri amanyadira mbiri imeneyi. Ine imandidetsa nkhawa, chifukwa ndi chiyamikiro chomwe ankapatsidwa agogo ake ndi anthu amene ankawalipira zochepa.

Abdulrazak Gurnah, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2021, anachita chinthu chimene ena onsewa sanachite: anatumiza nkhalamba. Mu By the Sea, la mu 2001, Saleh Omar wa zaka 65 akutera pa bwalo la ndege la Gatwick ku England kuchokera ku Zanzibar ndi pasipoti ya dzina la munthu womwalira, Rajab Shaaban Mahmud. Anamulangiza kuti asaonetse kuti amadziwa Chingerezi, ndiye wangokhala chete, akumva zonse, pamene wa zolowa ndi kutuluka akukhuthula kachikwama kake patebulo, n'kumuuza kuti zothawira kunjazi ndi za anyamata, pa msinkhu wakewo akanangokhala kwawo. Kabokosi ka lubani, chinthu chokhacho chamtengo chimene anatsala nacho, akumulanda. Thupi la Saleh silingakumbe, silingakope mkazi, siliopsa aliyense. Popeza palibe cholipimira, Gurnah akukakamizika kutipatsa munthuyo: ngongole zake, ndende imene anakhalamo, zoipa zimene anachitira banja la mwini dzinalo. Pa mabuku onsewa ndi ili limene ndimalikhulupirira kwambiri.

Ife buku lathu la paulendo ndi I Will Try la Legson Kayira, la mu 1965. Mu October 1958 mnyamata wa kumpoto, wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi wopanda nsapato, atanyamula kankhwangwa, bulangeti, Baibulo ndi Pilgrim's Progress, ati akupita ku America kukaphunzira. Anadutsa Tanganyika, anafika ku Kampala kumene anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mulaibulale, anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo chakumapeto kwa 1960 anatera ku America. Ngakhale dzina loti Legson anachita kudzipatsa yekha, lobadwa nalo linali Didimu. Bukuli ndimalikonda, ndipo mwana aliyense wa kuno ayenera kuliwerenga. Koma taonani mmene timalikambira: mapazi, kupirira, kupambana, basi. Kayira tinamusandutsa phunziro la pa asembule. Munthuyu anakhala ku England zaka zambirimbiri, analemba The Detainee mu 1974, buku limene nthawi ya Kamuzu silikanamulola kutera pa Chileka mwamtendere, ndipo anamwalira ku London mu 2012. Mnyamata woyenda uja timamudziwa tonse, za bambo wokalambira kwa eni sitifunsa. Ndi nthano yomwe ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene ambiri tinaiwerenga kusukulu m'buku la John Gwengwe, muyeso wake ndi womwewo: anyamata awiri apita kutali kukagwira ntchito, wabwino timamudziwira katundu amene akubwera naye, woipa timamudziwira manja ake opanda kanthu.

Nkhani zoti zilembedwe m'Chichewa zangoti mbwee. Pali wa ku Joni amene zaka zapita osabwera chifukwa alibe choti adzaonetse, abale n'kumuika m'gulu la matchona pamene iye akugona chipinda chimodzi ndi anzake asanu. Pali wobwera ndi mankhwala otalikitsa moyo obisa pansi pa sutikesi. Pali mkazi wotsala amene wamanga nyumba ndi ndalama zotumizidwa, n'kudzalandira mwamuna wowonda amene sakumudziwanso. Pali magulu a pa WhatsApp osonkha ndalama zobweretsera maliro, pamene amadzatulukira kuti womwalirayo kuntchito ankadziwika ndi dzina lina, ndipo mapepala sakugwirizana ndi mtembo. Wolemba amene angafune kuzilemba adzakumana ndi vuto limodzi, lakuti eni nkhaniwo ndi amene amayamba kuibisa. Mnzanga wina wa kusekondale ali ku Leeds, amasamalira okalamba, mashifiti ausiku. Pokonza nkhani ino ndinamufunsa ngati ndingatchuleko za ntchito yake. Anayankha ndi voisi, akuseka: "Lemba aise, palibe vuto. Koma unene kuti ndimagwira kuchipatala, mayi angamve."